Mmene munganenere kuti mulipo angati mu Chitaliyana

Mukangolowa mu lesitilanti ku Italy, musanakhale pansi, musanaone ndi menyu yomwe, weitala akufunsani kafunso kakafupi kwambiri, "quanti siete?" kutanthauza kuti mulipo angati. Ena amati "in quanti siete?" koma ndi chimodzimodzi. Ndipo funsoli silithera ku lesitilanti kokha ayi, mulimva ku hotelo, pogula matikiti, poitanitsa takisi, olo mnzanu akakuitanani kukadya kwawo afuna adziwe kuti aike mbale zingati pa tebulo. Nde ine ndimaona kuti ichi nchofunika kuchiphunzira sabata yoyamba yeniyeniyo musanayambe kulimbana ndi galamala yaikulu ija, chifukwa yankho lake ndi mawu atatu basi koma anthu ambiri ophunzira amadumpha kamawu kapakati.

Tiyerekeze kuti mulipo anayi. Muyankhe kuti "siamo in quattro". Siamo ndi tili, quattro ndi 4, nde pakati pali ka "in". Musavutike kukamasulira kameneka, mukati mukatenge ngati "mu" mupeza chiganizo choti tili mu folo chomwe sichikumveka, pomwe kwa eni chilankhulo ndi mmene amawerengera anthu amene ali limodzi kapena akuchita chinthu limodzi. Ganizani za ka "po" ka mu mawu oti tilipo anayi, palibe amene amaima kukaganizira, kamangobwera kokha. Ka "in" kachiteni chimodzimodzi, siamo in due, siamo in tre, siamo in dieci, mukhale ngati mukunena mawu amodzi oti siamoin kenako nambala.

Kunena zoona mukati "siamo quattro" opanda in akumvani ndithu, ndipo Ataliyana enieni amatero nthawi zina, palibe amene akubwezeni pakhomo. Koma ine ndimalimbikitsa ya in chifukwa ndi imene mudzaimva kwambiri, komanso imagwira ndi maverebu ena ambiri monga tione kutsogoloku. Pamene in amachoka ndi pamene mwatchula dzina la anthuwo pambuyo pa nambala. Siamo quattro persone, tilipo anthu anayi. Siamo tre fratelli, tilipo atatu pachibale. Siamo due adulti e un bambino, akuluakulu awiri ndi mwana mmodzi. Nambala ikakhala yokha kumapeto ikani in, ikatsatiridwa ndi dzina musiyeni, mukagwira pamenepa mwagwira theka la nkhani yonse.

Mukakhala nokha musati "siamo in uno" kapena "sono in uno", palibe amayankhula choncho. Mwamuna amati "sono da solo", mkazi amati "sono da sola", ndili ndekha.

Tsopano manambala, chifukwa popanda iwo palibe chomwe tikuchita. Kuyambira 1 mpaka 10 ndi uno, due, tre, quattro, cinque, sei, sette, otto, nove, dieci. Ubwino wake kwa ife oyankhula Chichewa ndi woti mavawelo a Chitaliyana amawerengedwa mmene alembedwera, a e i o u ngati athu omwewa, nde due ndi du-e basi, nove ndi no-ve. Chofunika kusamala ndi c, akakhala kutsogolo kwa i kapena e amamveka ngati ch wathu, nde cinque ndi chinkwe, dieci ndi dyechi. Qu ndi kw, quattro ndi kwat-tro. Ndipo r wawo ndi r weniweni wogwedeza lilime, ife tinazolowera kusinthanitsa l ndi r popanda vuto koma kwa iwo ndi zilembo ziwiri zosiyana, nde pa tre ndi quattro yesetsani lilime ligunde kuseri kwa mano akumwamba. Zilembo zapawiri monga tt mu sette, otto ndi quattro muziimapo pang'ono ngati mwagwira mpweya kenako nkumasula, set-te, ot-to. Izi si zokongoletsa ayi, "sete" wa t mmodzi ndi ludzu pomwe "sette" ndi 7.

Apa pali mawu atatu amene amasokoneza kwambiri poyamba, siete, sette ndi sei. Siete ndi muli, uja wa mu funso quanti siete. Sette ndi 7. Sei ndi 6 koma mawu omwewo amatanthauzanso uli, monga "sei da solo?" uli wekha. Nde wina akati "siete in sei?" akufunsa ngati mulipo 6, akati "siete in sette?" akufunsa ngati mulipo 7. Ziganizo ziwiri zimenezi zibwerezeni mokweza kangapo mpaka khutu lizolowere, chifukwa mmalo odyera mumakhala phokoso ndipo weitala sayankhula pang'onopang'ono.

Kuchoka pa 11 mpaka 16 onse amathera ndi dici, undici, dodici, tredici, quattordici, quindici, sedici, kenako zinthu zimatembenuka dici nkubwera kutsogolo, diciassette, diciotto, diciannove, nde 20 ndi venti. Pamenepa ndikufuna ndichedwepo chifukwa pali chizolowezi chathu chimene chimatipweteka. Mu Chichewa timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, pafupifupi mawu onse, nde pakamwa pamangofuna kunena un-DI-chi, do-DI-chi. Mawu ambiri a Chitaliyana amayendadi choncho ndipo zimatithandiza, koma awa ayi, mphamvu imapita kutsogolo, UN-dichi, DO-dichi, TRE-dichi, kwat-TOR-dichi, KWIN-dichi, SE-dichi. Mukakoka pakati munthu amayamba kukuyang'anani kaye kuti mwati chani, makamaka pa foni pomwe sakuona zala zanu. Chimodzimodzi tavolo amene ndi tebulo, ndi TA-volo, camera amene ndi chipinda ndi KA-mera, sabato amene ndi Loweruka ndi SA-bato.

Makumi ena ndi trenta, quaranta, cinquanta, sessanta, settanta, ottanta, novanta, ndipo 100 ndi cento, kutchula kwake chento. Kulumikiza nkosavuta, ventidue, ventiquattro, trentacinque, kungoti pa 1 ndi 8 vawelo yomaliza imagwa, ventuno, ventotto, trentuno, trentotto, ndipo 3 akakhala kumapeto amalembedwa ndi kachizindikiro pamwamba, ventitré. Sessanta ndi settanta amafanana kwambiri pomveka, nde ngati mukukonza za gulu lalikulu monga ukwati kapena msonkhano onjezerani kuti "sei zero" kapena "sette zero" kuti pasakhale kusiyana kwa anthu 10.

Chimene ndimakondera ka in kaja nchoti mukangokadziwa kamayenda paliponse. Zakale mumati "eravamo in cinque", tinalipo asanu. Zamtsogolo "saremo in otto", tidzakhalapo 8. Mukamanena za anthu ena "sono in tre", alipo atatu, "erano in venti", analipo 20. Ndipo sikuti ndi verebu ya kukhala yokha, "veniamo in quattro" tikubwera anayi, "siamo andati in sei" tinapita anthu 6, "lavoriamo in tre" timagwira ntchito atatu, "viviamo in cinque" timakhala asanu, "siamo rimasti in due" tatsala awiri. Wina akakufunsani za kwanu kuti "quanti siete in famiglia?" muyankha "siamo in sei" ndipo apa mudziwerengere ndi inu nomwe pamodzi ndi makolo. Palinso kanenedwe kena kabwino, mnzanu akadandaula kuti watopa kapena sakumvetsa kanthu inu nkuyankha "siamo in due", kutanthauza kuti nanenso chimodzimodzi, tilipo awiri.

In amagwiranso ndi mawu osakhala manambala. Siamo in tanti, tilipo ambiri. Siamo in pochi, tilipo ochepa, ndipo ch ameneyu amamveka k, poki. Siamo in troppi, tachulukitsa. Apa ndi pomwe nkhani ya amuna ndi akazi imalowa, manambala eni ake sasintha kupatula uno amene amakhala una kwa mkazi, koma mawu awa amasintha. Gulu la akazi okhaokha limati siamo in tante, siamo in poche, ndipo funso lake ndi "quante siete?" Pakangokhala mwamuna olo mmodzi amabwerera ku tanti ndi quanti. Mawu oti persona ndi achikazi nthawi zonse olo mukunena za amuna, nchifukwa chake funso limakhala "quante persone?" osati quanti persone.

Tibwere ku kubukitsa tebulo pa foni, chifukwa apa pamabwera kamawu kena, per. Mumati "buonasera, vorrei prenotare un tavolo per sei persone, per sabato alle otto", ndikufuna kusungitsa tebulo la anthu 6 Loweruka 8 koloko. Mukaiwala kutchula nambala akufunsani "per quante persone?" inu nkuti "per sei". Kenako "a che nome?" pa dzina la ndani, mutchule dzina lanu. Kusiyana kwa in ndi per kuli motere, mukamadziwerenga nokha anthu ndi in, mukamanena chinthu chimene chikonzedwere anthuwo ndi per. Siamo in sei, un tavolo per sei. Mudzamvanso ogwira ntchito akuti "un tavolo da sei", ameneyo ndi tebulo lokwana anthu 6 kaya pali anthu kaya palibe. Ndipo dziwani kuti malesitilanti ambiri kumeneko amatsegula chakudya chamadzulo cha mma 7:30, nde musadabwe akakuuzani kuti 6 koloko sizitheka.

Ana muziwatchula padera nthawi zonse. "Siamo in quattro più un bambino", tilipo anayi, kuonjezerapo mwana mmodzi pamwamba, kapena "siamo in cinque, bambini compresi", tilipo asanu kuwerengera ndi ana omwe. Ngati mwanayo ndi wamng'ono pemphani seggiolone, kutchula kwake sejjolone, kampando kakatali ka ana kaja, ndipo ngati muli ndi kangolo koyendetsera mwana nenani kuti "abbiamo un passeggino" chifukwa malo odyera ambiri mmizinda yakale ngati Firenze kapena Venezia ndi opanikizika ndipo amafuna adziwiretu kuti akuikani pati. Chinanso chimene ndachiona kambirimbiri, munthu amene akuyankhula ndi weitala amawerenga anzake amene akuwaona nkudziiwala yekha, nde tebulo limabwera lopelewera mpando umodzi. Kuti zisachitike nenani kuti "con me siamo in cinque", ndi ine tilipo asanu, kapena "cinque, me compreso", mkazi anene "me compresa".

Nambala imasintha, eti, wina wadwala wina wabwera ndi mnzake. Imbani foni msanga munene "siamo uno in più", taonjezekera mmodzi, kapena "siamo uno in meno", tachepa ndi mmodzi, kapena mungonena zonse "non siamo più in sei, siamo in sette". Mukafika ena asanafike mumati "manca una persona", kwatsala munthu mmodzi, "mancano due persone" ngati ndi awiri, nkuonjezera "arrivano fra dieci minuti", afika pakatha maminitsi 10. Onse akakwana ndi "ci siamo tutti", takwana tonse, ndipo chiganizo chomwechi mukachikweza kumapeto chimasanduka funso, ci siamo tutti? limene wotsogolera gulu amafunsa basi isananyamuke.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kulimbikira chonchi pa nambala yeniyeni, si kungoti tilipo angapo basi. Nkhani ndi yoti ku Italy zinthu zambiri zimalipiritsidwa pa mutu. Malesitilanti ambiri ali ndi coperto, kandalama ka malo amene mwakhalapo ndi buledi, nthawi zambiri mayuro awiri kapena atatu pa munthu, ndipo ogwira ntchito amawerenga makasitomala ndi mawu omwewa, mudzamva akuuzana kuti "sei coperti". Ku hotelo lamulo limafuna kuti alembe chiphaso cha mlendo aliyense nkutumiza ku polisi pasanathe maola 24, nde simungabukitse awiri nkufika atatu nkumayembekeza kuti zingodutsa, komanso mizinda ngati Roma, Firenze ndi Venezia ili ndi tassa di soggiorno, msonkho wa alendo umene umawerengedwa pa munthu pa usiku. Zipinda nazo zimatchulidwa ndi nambala ya anthu, singola ya mmodzi, doppia ya awiri, matrimoniale ya awiri pa bedi limodzi lalikulu, tripla ya atatu. Kumalo a boma oonerako zinthu zakale monga Colosseo kapena Uffizi ana osakwana zaka 18 salipira tikiti yolowera, nde pa windo munene bwinobwino "due adulti e un ragazzo di quindici anni", akuluakulu awiri ndi mnyamata wa zaka 15. Takisi wamba imanyamula anthu anayi, mukakhala asanu neneranitu "siamo in cinque con le valigie", tilipo asanu ndi masutikesi, akutumizireni galimoto yaikulu. Bilu ikabwera mawu ofunika ndi "a testa", pa mutu, "venti euro a testa", ndipo kugawana mofanana aliyense amati "fare alla romana".

Nanga ngati simukudziwa nambala yeniyeni? Pali njira yachidule, circa kapena più o meno, "siamo circa venti", tilipo pafupifupi 20. Koma pali ina imene ndimaikonda kwambiri chifukwa ndi imene eni ake amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, amatenga nambala nkulumikiza ka "-ina" kumapeto kwake. Una decina ndi anthu cha mma 10, una quindicina cha mma 15, una ventina cha mma 20, una trentina, una quarantina, una cinquantina, kumangopita choncho. Una dozzina ndi dazeni, 12 kapena pafupi pamenepo, zz wake amamveka ngati dz wathu. Pa 100 amati un centinaio, pa 1000 un migliaio, ndipo akachuluka amasanduka centinaia ndi migliaia, mazanamazana ndi zikwizikwi. Mawu onsewa akatsatiridwa ndi dzina amafuna di, "una ventina di persone", "un centinaio di invitati", "un paio di amici" anzanga awiri kapena atatu. Mungathenso kungoti "siamo una ventina" basi, ndipo apa in sakufunika chifukwa ventina ndi dzina kale. Chimodzimodzi "siamo un gruppo di dodici persone", ndife gulu la anthu 12, kapena "siamo una coppia", ndife banja la awiri kapena chibwenzi.

Tonse awiri, tonse atatu, izi ziliponso ndipo zimafanana ndi zathu mochititsa chidwi, kungoti iwo amaika e pakati. Tutti e due, tutti e tre, tutti e quattro, akazi okhaokha tutte e due. "Veniamo tutti e tre", tikubwera tonse atatu. Ka e musakasiye. Awiriawiri ndi "a due a due", ndipo pakhomo pena mudzaona palembedwa "due alla volta", awiri pa nthawi imodzi, kapena "massimo quattro persone" mu lifiti.

Pa gente samalani, kutchula kwake jente. Amatanthauza anthu koma mu galamala ndi chinthu chimodzi, nde ndi "c'è tanta gente", kuli anthu ambiri, ndipo simungaike nambala patsogolo pake, anthu asanu ndi cinque persone basi. Pocheza amatinso "un sacco di gente", thumba la anthu, kutanthauza khwimbi. Kumbali inayo kukabwera anthu ochepa momvetsa chisoni amati "eravamo quattro gatti", tinali amphaka anayi, ndipo sikuti analipodi anayi, atha kukhala 7 kapena 10 mu holo yaikulu.

Kanthu kena koti mudziwe ngati mukuitana Ataliyana ku chakudya, alipo ena makamaka achikulire amene safuna kukhala anthu 13 pa tebulo limodzi, amati "tredici a tavola" ndi tsoka, ndipo zimachokera ku mgonero womaliza wa Yesu ndi ophunzira ake 12. Si onse amakhulupirira koma mukanena kuti siamo in tredici musadabwe wina akati tiitane munthu wina kapena tigawe matebulo. Nambala ina imene amaiona ngati ya tsoka kumeneko ndi 17.

Zala zimathandiza pa phokoso, koma ambiri kumeneko amayamba kuwerenga ndi chala chachikulu, nde 3 amaonetsa chachikulu, cholozera ndi chapakati. Kwezani zala uku mukunena nambala, zonse pamodzi, osangokweza zala chete.

Kuti zikhazikike mmutu ine njira imene inandithandiza ndi kuwerenga anthu paliponse pomwe ndili, chamumtima kapena monong'ona. Mwalowa mu lifiti, siamo in tre. Wina watuluka, siamo rimasti in due. Mwakhala pa tebulo kudya, siamo in cinque, dzulo eravamo in quattro, mawa saremo in sei. Mwaona gulu likudutsa, sono una decina. Sabata yoyamba khalani pa 2 mpaka 10 ndi siamo in yekha, sabata yachiwiri onjezerani 11 mpaka 20 mukusamala pokoka mawu paja, kenako eravamo ndi saremo, manambala othera ndi "-ina" aja monga decina abwere kumapeto. Ngati muli ndi mnzanu wophunzira naye, mmodzi akhale weitala afunse mwachangu "buonasera, quanti siete?" winayo ayankhe asanaganize, musinthe nambala ulendo uliwonse, kenako weitala abwereze molakwitsa dala, mwati sei iye ati "sette?" kuti muzolowere kukonza, "no, sei, siamo in sei". Mukatha apo sinthanani, amene anali weitala akhale kasitomala wa pa foni amene akubukitsa tebulo la anthu 12 ndi ana awiri, ndipo muchite mutafulatirana kuti zala zisakuthandizeni.